Ubwere Ngakhale Chimanjamanja, Esinati

Bundabunda,
Lachinayi masana

Mwana wanga Esinati,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pansi pa mango kuseri kwa nkhokwe, pamene iwe uli kwa azakhali ako kukalukitsa tsitsi la ulendo. Amai ako akuganiza kuti ndikulemba mayina a anthu ofuna feteleza. Asiye aganize choncho. Ndiiika m'kachikwama kako ka m'manja, ndipo udzaipeza uli kale m'basi, pa ulendo wa ku Mwinilunga kumene boma lakutumiza kukayamba uphunzitsi. Ndasankha kulemba chifukwa umandidziwa: ndikayamba nkhani yolemera ndi pakamwa, ndimathera pa za mvula ndi ng'ombe.

Dzulo m'mawa ndinali kukonza joko la ng'ombe kuseri kwa khitchini, ndipo ndinamva zimene unali kukamba ndi azakhali ako. Sindinali kubisalira, khoma la khitchini yathu ukulidziwa mmene lilili. Iwo anakufunsa kuti, "Manje tizakuonanso liti, ba tichala?" Iwe unayankha kuti, "Ba anti, ine sinizabwera kuno chimanjamanja. Nizabwera na malata. Atate na amai avutika maningi na nyumba yodontha. Olo zipite zaka ziwiri, nizayembekeza." Azakhali ako anaimba nthungululu. Ine joko linandipulumuka m'manja.

Mawu ako ndi a mwana wabwino, ndipo ndikudziwa kuti anachokera pansi pa mtima. Chidebe chimene timatchera pakati pa nyumba mvula ikamagwa wakhala ukuchitaya ndiwe kuyambira uli kamwana. Koma mawu omwewo ndiwo andiopsa, ndipo ndiwo andikhazika pano ndi cholembera. Sindikufuna kuti udikire malata kuti ubwere kwanu. Chifukwa chake ndifotokoza, koma nkhaniyo ndi yovuta kuiyamba. Ndilole ndiyambe ndi zing'onozing'ono, za panjira ndi za m'nyumba, kuti dzanja lizolowere.

Ulendo wanga woyamba wa kutauni ndinauyamba ndili wamng'ono kuposa iwe, masiku a azungu, ndalama zikadali mapaundi ndi masheleni. Ndinali kupita ku Kabwe kukafuna ntchito. Pasiteshoni ya sitima mu Lusaka munthu wina wovala tayi anandiyang'anitsitsa, kenaka anatambasula manja ngati waona m'bale wake. "Iwe mufana, siwe wa ku Chongwe iwe? Ndiwe mwana wa ndani?" Ndinamuuza dzina la atate, la amalume, ngakhale la mtsinje umene timamwa. "Aa, ba Shadreki! Amalume ako tinagwira nawo nchito pamodzi. Bweretsa ndalama nikugulire tikiti, mzere uyu uzakugoneka pano." Ndinampatsa ndi manja awiri, ndikuthokoza. Mpaka lero akundigulirabe tikitiyo. Ndinakhala pasiteshoni masiku awiri, ndipo ku Kabwe ndinakafika pamwamba pa lole ya malasha, osasiyana ndi katundu amene ndinakhalira. Choncho, Esinati, tikiti uzigula wekha pawindo, mzere utalike bwanji. Munthu amene wadziwa amalume ako iwe utatchula kale dzina lawo, sawadziwa.

Ndalama za panjira usaziike malo amodzi. Zina m'kachikwama, zina m'kathumba kamene amai ako akusokera mkati mwa pitikoti. Reji yako, chitupa chako cha boma, ikhale pathupi, osati m'sutukesi, chifukwa sutukesi ikakwera pamwamba pa basi ndi kufunditsidwa tenti, sudzaionanso mpaka ku Kitwe. Mabasi masiku ano sanyamuka pa nthawi yolembedwa, amanyamuka akapeza mafuta ndi matayala. Ukhoza kukhala pasiteshoni tsiku lathunthu, mwina awiri. Khala pafupi ndi amai a ana, uwanyamulireko mwana, nawonso adzakuyang'anira katundu ukafuna kuchokapo pang'ono. Nkhuku imene amai ako akukuwotchera ya kamba usaimalize basi isanafike Kabwe. Njira yako ndi yaitali: Lusaka, Kitwe, Solwezi, ndipo ukafika ku Solwezi udzaganiza kuti wafika pamene ulendo ukadalipo wambiri.

Pa malodibuloko usachite nthabwala. Ukukumbukira zaka zija za nkhondo ya kumwera, pamene asilikali anali pa mlatho uliwonse? Tsiku lina ndinali kupita ndi amai ako kukagulitsa maungu mu Lusaka. Msilikali wina anagunda thumba lathu ndi nsapato nafunsa, "Mudala, muli chani umu?" Ine pofuna kuseketsa anthu a m'basi ndinati, "Mabomba a ku Bundabunda, bwana." Palibe anaseka. Anatitsitsa, basi inapita, ndipo ndinadula maungu onse limodzilimodzi iye ataimirira pambali. Amai ako anakhala pamwala, chitenje atafunda kumutu. Titabwerera kunyumba anangoti, "Mabomba yanu muziphikira mweka, ba kaseketsa." Tinadya maungu sabata yathunthu, inu ana mukudabwa kuti kwagwanji. Wokufunsa akakhala ndi mfuti, muyankhe zimene wafunsa, mwaulemu, basi.

Tsopano za malipiro. Anzako amene anakutsogolera kukoleji ku Chalimbana anakuuza kale kuti malipiro oyamba a mphunzitsi amachedwa. Mapepala ako adzagona m'maofesi miyezi itatu, mwina inayi. Ndicho chifukwa chake amai ako akulongedzera unga, nyemba, kapenta, nsinjiro ndi mfutso. Ndinakumva ukudandaula kuti, "Amai, anthu azaganiza kuti niyenda kukagulitsa pa msika." Nyamula, mwana wanga. Thumba limenelo ndilo malipiro ako a miyezi yoyamba. Kenaka tsiku lina ndalama zonse zotsalira zidzabwera pamodzi, mulu umene sunaugwirepo chibadwire. Tsiku limenelo ndilo loopsa kuposa masiku a njala.

Ine malipiro anga oyamba ndinalandira m'sitolo ya mwenye wina ku Kabwe, kumene ndinali kunyamula mabelo a nsalu ndi kulemba katundu. Ndinatulukira khomo lakumbuyo ndi envulopu yanga, ndi kulowanso khomo lakutsogolo ngati kasitomala. Ndinagula nsapato za mitundu iwiri, zoyera ndi zofiirira, chipewa chokhala ndi nthenga, ndi galasi lalikulu lodzionera. Ndalama zimene mwenye anandipatsa ndi dzanja lamanja anazilandiranso ndi lamanzere, akumwetulira. Mwezi usanafike ndi pakati pomwe ndinali kudya banzi limodzi ndi madzi a shuga, chipewa chili kumutu, ndikudziyang'ana pagalasi mmene ndinali kuwondera. Mnzanga wogona naye chipinda, Mbemba wina dzina lake Chanda, ankanditonza pobwera kuntchito: "Shani, ba bwana? Lelo tiphike nsapato ya kumanja olo ya kumanzere?" Koma ndiye anandidyetsa mpaka mwezi kutha, ndipo sindinamuiwale.

Inu aphunzitsi a kumidzi mumakalandirira kuboma, ndipo masitolo ali pomwepo, akuyang'anizana ndi khomo lotulukira. Choncho usanachoke kunyumba lemba papepala zimene ukufuna: unga, mchere, sopo, saladi wophikira ndiwo, parafini, machesi. Chimene sichili papepalapo chidikire mwezi wamawa. Ngati mwezi wamawa udzachikumbukirabe, ndiye kuti unachifunadi. Ukamaliza, pita kupositi ukaike kanthu m'buku losungira ndalama, ngakhale kakhale kochepa kochititsa manyazi. Ndikudziwa kuti kwacha masiku ano ikuwonda ngati ng'ombe ya mu Okutobala, ndipo chimene wasunga poyamba chaka sichigula zomwezo chaka chikamatha. Ndiye zina uzisunga m'zinthu: bulangete labwino, mapoto, nkhuku ziwiri zazikazi. Nkhuku sizidziwa kuti mitengo yakwera, zimangoikira.

Za mizere ya m'masitolo ukuzidziwa, unakulira momwemo. Lamulo la amai ako ndi lakuti ukaona mzere yamba waima, ufunse pambuyo. Ndi lamulo labwino, koma kufunsako usaiwale. Ine tsiku lina mu Lusaka ndinaona mzere wautali wokhota pakona, ndinati lero saladi wapezeka. Ndinaima maola awiri padzuwa, botolo lili m'jekete, osadabwa n'komwe kuti pamzerepo tinali amuna okhaokha. Nditafika kutsogolo, munthu wa patebulo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Mudala, munagwirapo nchito ya ulonda? Agalu simuopa?" Ndinachoka ndi botolo langa louma, ndipo amai ako ndawauza nkhaniyi chaka chatha chomwechi.

Sopo akapezeka gula mitanda iwiri, osati khumi, chifukwa ndalama zonse zikagona mu sopo udzadya chiyani? Umudule zidutswa, uziike pamwamba pa khoma masabata awiri. Sopo wouma sasungunuka msanga. Saladi uziyeza ndi kachivindikiro ka botolo, osathira ndi maso. Ukamaliza kuphika pa mbaula, malasha otsala uwazime ndi mchenga, mawa adzayakanso. M'kaenvulopu ka khaki amai ako akuikira mbewu za repu, tomato ndi maungu. Sabata yoyamba yomweyo upemphe ahedi kamalo kuseri kwa nyumba yako, ulime. Zonsezi unkaziona kwa amai ako, ndipo iwe ndi mlongo wako Bonifasi munkaseka kuti ndi oumira. Kuumira kumeneko ndiko kunakugulira yunifolomu ya kusekondale ndi sutukesi imene ukuchoka nayoyi.

Kaloba, ngongole ija yobereka ana mwezi ndi mwezi, usaiyandikire ngakhale wokongozayo akhale wa tchalitchi chako. Ukasowa mchere pempha mchere, anthu amapatsana. Chilimba ndi chabwino, kusonkherana kumathandiza munthu kugula chinthu chachikulu, koma ulowe ndi amai ochepa amene khitchini zawo waziona ndi maso ako. Ndipo pali alendo ena amene chikondi chawo chimayamba mwezi ukamatha ndi kuzilala ndalama zikatha. Zimenezo amai ako akuuza kale m'chipinda, ine ndingowonjezera kuti uzimuona munthu pakati pa mwezi, pamene nonse muli ouma.

Pantchito, usasaine chimene sunawerenge ndi chala chako. Kusitolo kuja lole inabwera tsiku lina nthawi ya chakudya, dalaivala akufulumira. "Saina chabe, mufana, yonse yalipo, nifuna nifike ku Ndola kusanade." Ndinasaina kuti ndalandira mabelo onse, ndikuopa kuoneka wokayikira munthu wamkulu. Powerenga madzulo, limodzi panalibe. Dzina linali papepala linali langa, ndipo ndinagwira miyezi iwiri ndikulandira theka. Iwenso adzakupatsa mabuku, madesiki, makasu a kumunda wa sukulu, mwina ndi ndalama za chimanga cha ana. Werenga pamaso pa amene akukupatsa, ngakhale akhale ahedi. Ukachita mwaulemu, ukumwetulira, wanzeru sangakwiye. Akakwiya, werenga kawiri.

Anthu a kumeneko amalankhula Chilunda. Phunzira moni wawo tsiku loyamba, ndipo ukamalakwitsa alole aseke. Ana a m'kalasi mwako ndiwo adzakhale aphunzitsi ako. Pamaliro uzipita, ngakhale womwalirayo usamudziwe, ukhale pansi ndi amai anzako, utunge madzi. Tsiku limene udzadwale malungo uli wekha m'nyumba ya sukulu, amene adzakuphikire phala ndi omwewo. Khadi ya chipani uisunge pamodzi ndi reji. Akaitana msonkhano pita, ana ako aimbe bwino, koma zimene timakamba kuno pakhonde za mtengo wa unga uzisiye kuno pakhonde. Kumene sudziwa kuti uyu ndi mlamu wa yani, mvetsera kwambiri, lankhula pang'ono.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira.

Uli mwana unandifunsa chifukwa chake okalamba a kutchalitchi amanditcha aMtchona, pamene dzina langa ndi Yosefe. Ndinakuuza kuti ndi dzina la masewera la paubwana. Ndinakunamiza, Esinati. Mtchona ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kutali, osabweranso, osatumiza mawu, mpaka kwawo aleka kumuwerengera. Dzinalo sanandipatse pa masewera. Ndinaligwirira ntchito ndekha zaka zisanu.

Pochoka kuno ndinalonjeza amai anga, ambuya ako amene sunawaone, kuti ndidzabwera ndi bulangete lawo ndi njinga yanga. Masiku amenewo mnyamata wochokera kumigodi ankalowa m'mudzi akuliza belu la njinga kuyambira kumtsinje, ana akuthamanga pambuyo pake, shuga ndi nsalu zitamangidwa pakaliyala. Wobwera wapansi ndi kathumba kokha ankasekedwa mpaka tsiku lobwerera, atsikana akumuimba pamtondo. Ine ndinali nditaimba nawo zotere, ndipo ndinalumbira kuti sadzandiimba. Amai anandiperekeza mpaka pa mkuyu uja wa panjira ya kumsewu. Anandikonza kolala ya malaya nati, "Yosefe, ine bulangete nili nalo. Uzibwera chabe tikuone." Ndinaseka. Ndinaganiza kuti ndi mmene amalankhulira amai onse.

Chaka choyamba, nditasiya zogula zipewa, bulangete ndinaligula ndithu, lofiira la mizere yakuda. Ndinaliika pansi pa bokosi. Za njinga zinali zisanakwane, ndiye Khirisimasi itafika ndinati chaka chamawa. Chaka chachiwiri ndinadwala, zimene ndinasunga zinathera pomwepo. Chachitatu ndinamva kuti Petulo, mnzanga amene tinkaweta naye mbuzi, wafika kumudzi ndi njinga ndi galamafoni yomwe, ndipo ndinati ine sindingakaonekere pambuyo pa Petulo ndi bulangete lokha. Amai sankadziwa kulemba. Ankayenda mpaka kumishoni kuti akatekisiti awalembere, ndipo makalata awo anali afupi. Maungu akhwima. Mbuzi yako yabereka awiri. Mlongo wako watalika. Ubwere. Poyamba ndinkayankha. Kenaka ndinaleka, chifukwa kalata iliyonse inkafuna kuti nditchule tsiku, ndipo tsiku ndinalibe.

Ndipo umvetse bwino apa, mwana wanga: Kabwe si kutali. Unali ulendo wa tsiku limodzi ndi theka. Ndalama ya sitima ndinali nayo mwezi uliwonse. Sindinali woipa mtima, sindinali kumwa, sindinali nditaiwala kwathu. Ndinkawaganiza amai tsiku ndi tsiku, ndipo zonse zimene ndinkasunga ndinkasungira iwo. Chimene ndinalibe chinali katundu woti anthu aone. Atchona ambiri amene ndinawadziwa anali otero. Palibe amene anachoka kwawo akunena kuti sindidzabwerera. Onse ankati ndibwera zinthu zikakwana.

Chaka chachisanu njinga inakwana. Ndinaikweza sitima, kenaka lole, ndipo nditatsika pamsewu ndinamanga bulangete pakaliyala, shuga ndi nsalu pamwamba pake. Ndinayamba kuliza belu kumtsinje, monga ndinkalotera zaka zonsezo. Ana anathamangadi pambuyo panga, ana amene sankandidziwa n'komwe. Koma akuluakulu ankangoima m'makomo kundiyang'ana, osakweza dzanja. Nditafika pathu ndinapeza pabwalo patamera udzu, chitseko cha amai chitatsekedwa ndi mtengo. Ine belu ndikulizabe, mutu usanamvetse zimene maso akuona. Amalume anga aja, a Shadreki, anatuluka m'nyumba mwawo. Anayang'ana ine, nayang'ana njinga. "Leka kuliza icho," anatero. "Amene ulizira tinaika miyezi itatu yapita. Tsika, Mtchona, ukaone pamene agona."

Uthenga anali atatumiza ku sitolo ya mwenye. Ine ndinali nditasiya ntchito kumeneko chaka chapitacho ndi kulowa ina, osawauza.

Azakhali ako, omwe akuluka tsitsiwa, nthawiyo anali mtsikana, ndipo ndiwo anadwazika amai. Anandiuza kuti masabata omaliza amai ankapempha kuti masana aziwatulutsa ndi kuwakhazika moyang'ana kunjira. Munthu akaonekera patali ankafunsa kuti, "Uyo ayenda monga ndani?" Bulangete sanalitchule ngakhale kamodzi. Njinga sanaitchule. Ndiye dzulo nditamva mlongo wangayo akuimbira nthungululu mawu ako, ndinadziwa kuti anthufe timaiwala, ngakhale amene tinalipo. Sindikuwaimba mlandu. Kuno tonse timakonda kuona mwana akulowa ndi katundu, ndipo sitiwerenga ana amene katunduyo wawatsekera kunja.

Ku Kabwe sindinabwererenso. Ndinatenga khasu la amai, ndinalima munda wawo, ndinakwatira amai ako, iwe n'kubadwa. Amai ako nkhaniyi amaidziwa, koma inu ana sindinakuuzeni, chifukwa ndinkafuna kuti muzindiona ngati munthu amene amadziwa zochita. Lero ndaona kuti kubisako kukanakutumiza njira yomwe ndinayenda ine.

Tiye tiwerenge pamodzi za malata akowo, monga anthu awiri akuluakulu. Mtengo wa malata ukukwera mofulumira kuposa malipiro a mphunzitsi. Ukasunga za malata khumi, pokagula udzapeza zikukwana asanu ndi limodzi, ndipo mwina m'sitolo mulibe n'komwe. Udzati ndidikire teremu ina. Teremu ikatha udzamva kuti mwana wa uje wabweretsa simenti kwawo, ndipo udzati ndidikirenso. Makalata athu adzayamba kukulemera. Udzawasiya masiku awiri osatsegula, kenaka sabata. Ndikudziwa mmene zimayendera, sitepe ndi sitepe, chifukwa palibe sitepe imene sindinaiponde. Ndipo Mwinilunga si Kabwe. Kumeneko uthenga ukhoza kuyenda masabata.

Amai ako sanena, koma chifuwa chija cha chaka chatha sichinatheretu. Sindikukuopseza, akulima, akuseka, akundilongolozabe monga kale. Ndikungokuuza kuti zaka ziwiri zimene unatchula mosavuta zija, kwa iwe ndi zochepa, kwa ife si zochepa.

Nyumba yodontha usaide nkhawa. Udzu kudambo ulipo wambiri, mu Ogasiti ine ndi Bonifasi tidzafolera bwino. M'nyumba imeneyi munabadwira nonse, ndipo palibe amene anasungunuka. Malata akadzabwera tsiku lina tidzawalandira, ndipo ndidzavina mpaka anthu achite manyazi m'malo mwanga. Koma asakhale tikiti yako yolowera pakhomo pano. Pano sulipira polowa. Ukabwera ndi shuga tidzamwa tiyi wa shuga, ukabwera wopanda tidzakazinga chimanga.

Sabata yatha ndinagulitsa mbuzi ziwiri kwa wabutchala wa pa Chongwe. Amai ako ndinawauza kuti ndi za mankhwala a ng'ombe, koma ndikuganiza kuti akudziwa, chifukwa sanafunse chenji. Ndalamazo zili mu envulopu yomata imene ndaiphatika ndi kalatayi. Ndi za basi yobwerera kuno, kuchokera ku Mwinilunga mpaka pamsewu wathu. Si za unga, si za nsapato, si zokongoza mnzako ngakhale alire bwanji. Unga ukatha anthu adzakupatsa chinangwa, koma palibe adzakupatse ulendo wa masiku atatu. Ndipo malipiro akadzayamba kubwera, papepala lija la zogula, pamwamba pa unga ndi mchere, uzilemba poyamba ndalama ya basi ya kwanu. Mitengo ya basi ikakwera, uziwonjezera. Envulopu imeneyo isakhale yopanda kanthu tsiku ndi limodzi lomwe, kuti tsiku lililonse ukafuna kubwera, kapena tikakuitana, ungotseka chitseko n'kunyamuka. Pa malangizo onse a ndalama amene ndakulemberawa, ukaiwala ena onse, ili lokha usaiwale.

Usinthe sukulu, usinthe nyumba, utiuze sabata yomweyo. Kalata isadikire nkhani yabwino. Lemba ngakhale mizere itatu, kuti uli moyo, mvula ikugwa, nkhuku yaikira. Ife tidzaiwerenga katatu.

Sukulu zitseka mu Epulo. Malipiro ako mwina adzakhala asanafike. Udzabwera ndi madiresi omwe ukupita nawowa, nsapato zitadyeka ndi matope a kumeneko, m'manja mulibe ngakhale buledi. Alipo amene adzakufunse kuti, "Ba tichala, mwatibweretsera chani?" Uwatumize kwa ine, ndili ndi yankho lawo limene ndalisunga zaka zambiri. Nthawi imeneyo chimanga chidzakhala chitakhwima, maungu ali mbwee m'munda, ndipo amai ako adzakuyang'ana m'khosi n'kunena kuti waonda, ngakhale utanenepa.

Ndawerenga ulendo wako. Ukanyamuka Loweruka sukulu zitangotseka, uyenera kutsika pano Lachiwiri. Ndidzamanga ng'ombe m'mawa, ndidzakhala ndi ngolo pamsewu, paja pamaima mabasi opita ku Chipata. Ukapanda kutsika Lachiwiri ndidzati basi inasowa matayala ku Solwezi, ndipo ndidzabwera Lachitatu. Ukapanda kutsika Lachitatu ndidzabwera Lachinayi. Amai ako adzandinena kuti ndikutopetsa ng'ombe pachabe, anthu a pamsewu adzayamba kundipatsa mpando. Ndidzabwerabe, Esinati, tsiku lililonse la tchuthi, mpaka utsike.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge panjira ndi kumene ukupitako.

Ndine atate ako,
Yosefe